Samu imene inaziridwa pakhoma

Ndakalamba, mano atha m'kamwa, koma ndikakumbukira mmene abale anga anapirikitsira alamu anga, mtima umandiwawabe.

Alamuwo anali mphunzitsi wa kasukulu ka m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Linthipe, nkhondo ya Ajeremani isanayambe. Anakwatira achemwali anga n'kukhala pachikamwini. Anali munthu wowonda, wachifuwa, ndipo khasu silinkawamvera. M'mawa ankaphunzitsa, masana n'kupita kumunda kwa apongozi awo, amene ndi mayi anga. Mizere yawo inkakhota moti ana ankabwera kudzaiseka.

Ine zapasukulupo ndinali nditazimaliza. Kumishoni ankatenga anyamata ochepa kuti akaphunzire uphunzitsi, ndipo mzungu woyesa mayeso ankayembekezeka tikatha kukolola. Amalume, amene anali mwini mbumba, anandilola kuyesa kamodzi kokha. Ndikalephera, khasu ndi ukwati.

Alamu ankadziwa kuti mzunguyo amakonda samu za nambala yobisika. Choncho akaweruka kumunda ankandiitana pakhonde pawo n'kumalemba ndi khala pakhoma. Zosavuta ndinazigwira msanga. Lamulo lawo linali limodzi: chimene wachita mbali iyi, uchitenso mbali inayo. Kenaka tsiku lina analemba yatsopano, yokhala ndi manambala pansi pa mzere.

"Theka la mbuzi za munthu, kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu a mbuzi zomwezo, zikwana khumi. Ali ndi mbuzi zingati?"

Ndinayesa nambala iyi ndi iyo pazala mpaka ndinagwera pa khumi ndi ziwiri. Ndinadzimva kukula.

"Mwapeza, alamu, koma mwachita kuombeza," anandiseka. "Mzungu akakupatsani mbuzi zambiri, zala zidzakutherani. Pali njira yochotsera timanambala tapansiti. Dzuwa lapita, ndikuonetsani mawa."

Mawa lakelo amalume anaitanitsa mlandu. Mayi anali atadandaula kuti mkamwini salima, amangodetsa khoma limene mwana wawo anazira ndi manja ake. Amalume anaonjezera kuti akundiwononga mutu, kuti kuyambira pamene ndinayamba kukhala pakhondepo nkhumba sizidya pa nthawi yake. Umenewo ndiwo unali mlandu wonse. Munthu sanabe, sanamenye mkazi, sanatukwane aliyense.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sakanatha n'kudziyankhira komwe. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake, nanji kutsutsana nawo pagulu. Anakhala chakumbali, nkhope pansi, akuomba m'manja pang'onopang'ono pamene ankamunyoza. Ndinadzuka kuti ndinene kuti ndine ndinkawapempha kuti andiphunzitse.

"Khala pansi iwe," anatero amalume. "Mlendo ndi mame. Ameneyu wabwera, apita, ife ndife eni ako."

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Athuwa ndiwo ankakoleza. Achemwali, ali ndi pakati, analira mpaka mawu anatha, koma palibe anawafunsa maganizo awo.

Alamu anamanga mphasa ndi mabuku awo n'kunyamuka mmamawa kuli nkhungu. Ndinawathamangira, koma amalume anandibweza ndisanafike n'kumtsinje komwe. Ndinati palibe kanthu, samu ija ikadali pakhoma, ndikaiyang'anitsitsa mwina njirayo iwoneka. Pofika pakhonde ndinapeza mayi atagwada ndi mphika wa dothi, akuzira. Anazira bwino kwambiri, osasiya ngakhale kadontho ka khala.

A mishoni anawatumiza alamu kusukulu ina yakutali. Amene anabwera m'malo mwawo ankadziwa katekisimu ndi nyimbo, koma nditamufunsa za timanambala tapansi anandiuza kuti ndichepetse matama.

Mzungu anabwera m'nyengo yachisanu. Kuwerenga ndinakhoza, kulemba ndinakhoza. Samu yomaliza inali yomweija, koma ya magawo anayi ndi asanu, ndiponso nambala yaikulu. Ndinaombeza, kufufuta ndi malovu, kuombezanso, mpaka anatilanda masileti. Anatenga anyamata ena. Madzulo ake amalume anandipatsa khasu latsopano, akumwetulira ngati andichitira chifundo.

Ndinalima, ndinakwatira, nanenso ndinakakhala pachikamwini n'kuphunzira kuyang'ana pansi. Mwana amene achemwali anali naye m'mimba uja anabadwa wamwamuna, wowonda ngati bambo ake, ndipo sanawaonepo. Amalume atamwalira mbumba inagwera ine. Anthu atayamba kunena kuti mnyamatayo wakula, asiye sukulu, ndinawauza kuti amene akufuna khasu lina m'munda abereke wake.

Tsiku lina atabwera kutchuthi kuchokera kumishoni, ndinamuyitana pakhonde lomwe lija. Ndinatola khala n'kulemba samu ya mbuzi ija, pakuti sindinaiiwale.

"Iyi ndi yosavuta, amalume," anatero. "Pansipa pali ziwiri ndi zitatu. Funani nambala imene zonsezi zimalowamo, ndiyo sikisi. Chulukitsani chilichonse ndi sikisi, mbali zonse ziwiri. Theka lija likhala zitatu, gawo linalo likhala ziwiri, khumi lija likhala makumi asanu ndi limodzi. Ndiye kuti mbuzizo kasanu zikwana makumi asanu ndi limodzi. Gawani ndi zisanu."

"Basi?"

"Basi."

Fodya amene ndinali nditayatsa anali asanafike n'pakati pomwe. Linali lamulo lomwe lija la bambo ake, chimene wachita mbali iyi uchitenso mbali inayo, ndipo ndinali nalo m'mutu zaka zonsezo. Ndinapsa mtima kwambiri, mnyamatayo n'kumaganiza kuti walakwitsa.

Achemwali anatulukira ndi mphika wa dothi, pakuti linali tsiku lozira. Anaima n'kuyang'ana khomalo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwana wawo. Anazira nyumba yonse, koma mbali imeneyo anaisiya.