Dzina langa linkagwira ntchito ine kulibe

Ndikawafotokozera anzanga nkhaniyi ena amati ndaonera mafilimu ambiri, koma ine ndine munthu wamkulu, wa ana, bodza lotere lingandipindulire chiyani? Zinandichitikira ine mwini kuno ku Dubai zaka zingapo zapitazo, ndipo sinditchula dzina la munthu aliyense chifukwa onse akadali moyo ndipo ali ndi mavuto awo okwanira.

Ndimagwira ntchito pakampani ina yosunga katundu ku Dubai Investments Park, ndipo katundu wathu wambiri ndi mankhwala. Pulogalamu ya pakompyuta imene imatilondolera makatoni ndi ija yopanda mwini, imene aliyense amaitenga ulere ndipo wodziwa amaloledwa kuikonza. Kuti mumve bwino, ili ngati mjigo wa m'mudzi, otunga ndi onse koma okonza ukawonongeka ndi anthu ochepa odzipereka, osalipidwa kanthu. Okonzawo ali m'mayiko osiyanasiyana, ambiri sanaonanepo maso ndi maso, ndipo chilichonse chimene munthu wasintha chimaoneka ndi dzina lake, tsiku ndi ola lomwe, poyera poti aliyense aone.

Amene anandilowetsa m'gulu la okonzali anali bambo ena achizungu ochokera kudziko lina lozizira, amene tinkakhala nawo mdadada umodzi ku Al Mankhool. Iwo anali mmodzi mwa amene anaiyambitsa pulogalamuyi kalekale, ndipo ankaigwira akaweruka kuntchito kwawo. Anali munthu wa lilime lakuthwa koma wamtima wabwino, ankandiseka kuti ndimayamba kukhoma denga ndisanakumbe maziko, kenako n'kukhala nane masana onse a Loweruka kundionetsa pamene ndalakwa. Patapita nthawi gululo linandidalira n'kundipatsa kagawo kanga koyang'anira, kaja kosindikiza timapepala tomata pamakatoni, pamodzi ndi kiyi wachinsinsi. Si kiyi wachitsulo ayi, ndi zilembo zambirimbiri zosungidwa m'kompyuta, koma amene ali naye chilichonse akachita chimaoneka kuti wachita ndi mwini dzina.

Ndiye bambo anga anadwala kwambiri kwathu ku Machinga, ndinanyamuka mothamanga. Ndisanapite ndinawasiyira aphunzitsi angawo kiyi uja kuti kagawo kanga kakavuta asasowe pogwira. Kodi kwathu munthu ukamachoka susiya kiyi kwa mnansi kuti azikuonera nyumba? Ine sindinaganize kawiri, ndiponso iwo anali ndi kiyi wawo wamkulu kuposa wanga, akanamusiriranji wanga? Bambo anamwalira, ndinakhalitsa kumudzi kulongosola za pakhomo, ndipo kwathuko netiweki umachita kukaisaka pachulu, choncho za kompyuta ndinaziiwaliratu.

Nditabwerera ndinamva kuti zinthu zinasintha ine kulibe. Dziko la bambo achizungu aja linali pankhondo, ndipo mayiko akuluakulu anaika ziletso pamakampani ambiri a kumeneko, zija anzathu kuno amangoti masankishoni, zoti aliyense wogwirizana nawo naye alangidwe. Bungwe losunga pulogalamu yathu linalembetsedwa ku Amereka, ndiye maloya analiuza kuti lichotse okonza onse olembedwa ntchito ndi makampani oletsedwawo. Kampani imene inkawalipira bambo aja inali m'gulu lomwelo, motero anawalanda kiyi wawo popanda ngakhale zikomo. Iwo anabwera kudzandipepesa maliro, tinamwa tiyi, za kuchotsedwako anangoti ndi mmene dziko lilili, basi n'kusintha nkhani.

Chinayamba kundidabwitsa ndi mauthenga othokoza. Munthu wina wosunga mankhwala kuchipatala cha dziko lakutali anandilembera kuti Mulungu andidalitse pokonza vuto limene linkasokoneza masiku othera mphamvu mankhwala. Wina anati sankadziwa kuti ku Malawi kuli akatswiri otere. Poyamba ndinangoseka, ndinati andisokoneza ndi wina, popeza vuto limenelo ine ngakhale mutandipatsa chaka sindingalikonze. Koma tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro ndinatsegula kompyuta kuti ndione, ndipo ndinapeza dzina langa lili mbwee pantchito zikuluzikulu, m'zigawo zimene sindinazigwirepo chibadwire. Ina inalowa tsiku limene tinkaika bambo m'manda, pa ola limene ine ndinali ndi fosholo m'manja.

Ndili chiyang'anire choncho, chapati ili m'dzanja, pamwamba penipeni panatulukira mzere watsopano wonena kuti ine ndangomaliza kumene kukonza chinthu china. Abale anga, chapati ija ndinaiika pansi. Ndinayang'ana manja anga ngati si anga. Maganizo oyamba, musandiseke, anali a ndondocha, zija timamva kwathu zoti munthu amamugwiritsa ntchito kwina iye osadziwa. Munthu wopemphera ngati ine sindiyenera kuganiza zotero, koma mantha safunsa kuti umapemphera kuti. Patapita kanthawi mtima utakhala pansi m'pamene ndinakumbukira kiyi uja.

Ndisanaganize chochita, atsogoleri a gulu anandiitana kuti tiyankhulane pa vidiyo, ndipo panali mayi wina loya. Loyayo anayankhula mofatsa, mwaulemu, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunandiopsa kwambiri. Anati ntchito zimene zikulowa m'dzina langa zikufanana kwambiri ndi kalembedwe ka munthu amene anamuchotsa, ndipo ngati ndikumubisa kumbuyo kwanga iwo adzakakamizika kukanena kwa oyang'anira ziletso. Anawonjezera kuti popeza ndinalembetsa m'gululo ndi imelo ya kuntchito, kampani yanga nayo idzayenera kudziwitsidwa. Anandipatsa masiku ochepa kuti ndiwayankhe.

Inu amene muli kuno mukudziwa tanthauzo lake. Viza yanga ndi ya kampani, ya mkazi wanga ndi ana yapachikika pa yanga, ntchito ikatha tonse timalongedza. Ndinayesa kuwafunsa abwana anga mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina, kuti zotere zitachitika angatani. Iwo osadzutsa n'komwe mutu anati makasitomala athu akuluakulu ndi a ku Amereka, dzina la kampani likangoyandikira mawu akuti masankishoni, munthuyo khalas, ntchito yatha tsiku lomwelo. Ine wa ku Machinga, amene dziko la nkhondolo ndimangoliona pa mapu, ana anga achoke pasukulu chifukwa cha mizinga imene sindinaimvepo kulira?

Lachisanu titatuluka kumzikiti ndinakagogoda kwa bambo aja. Nditawafunsa za kiyi uja, sanakane ngakhale pang'ono. Anati vuto la masiku a mankhwala analiona atachotsedwa kale, analembera atsogoleri koma palibe anawayankha, ndipo sakanatha kugona podziwa kuti kwinakwake mwana apatsidwa mankhwala otha mphamvu. Atakonza limenelo analephera kusiya, chifukwa pulogalamuyo anailera kwa zaka zambiri ndipo popanda iyo sankadziwa chochita ndi manja awo. Anati iwo sanaombepo mfuti, nkhondoyo amadana nayo kuposa amene anawachotsa. Kenako anandigwira paphewa n'kunena kuti habibi, mnzanga wapamtima, dzina lako ndi loyera, palibe dziko limene lili ndi chifukwa ndi Malawi.

Mawu amenewo anandipweteka kuposa zonse, chifukwa ndinaona kuti kusauka ndi kufatsa kwa dziko langa kunasanduka chovala choti wina abisalemo. Ndinawafunsa ngati pa masiku onsewo anaganizako za viza yanga ndi ana anga. Anavomera kuti ayi, sizinawafikire m'mutu. Ndinawapempha kuti atsegule kompyuta yawo, ndipo pomwepo, akazi awo akutithirira tiyi osadziwa kanthu, ndinamupha kiyi uja kuti asagwirenso ntchito, iwo akuona. Sanandiletse, anangochotsa magalasi n'kumawapukuta ndi malaya.

Atsogoleri aja ndinawauza zoona zokhazokha, ndinawaonetsanso chidindo cha m'pasipoti chosonyeza kuti masikuwo ndinali ku Malawi. Anandikhulupirira, kampani yanga sanaidziwitse, koma kagawo kanga anandilanda ndipo anandichenjeza kuti ndisamakambirane ndi bambowo chilichonse chokhudza pulogalamuyo. Ntchito zonse zimene zinalowa m'dzina langa anazichotsa, vuto la masiku lija linabwereranso kwa kanthawi, mpaka munthu wina wa dziko lololedwa analikonza m'njira pafupifupi yomweyo, n'kuthokozedwa iyeyo. Bambo aja kampani yawo inatseka ofesi ya kuno, anasamuka osanditsanzika.

Lero ndimakhulupirira kuti padziko pano palibe chinthu chopanda mwini, ngakhale chija amati ndi cha tonse, mwini wake amaonekera tsiku la mkangano. Sindikhulupirira kuti bambo aja anali munthu woipa, ndipo sindikhulupiriranso kuti loya uja anali woipa, koma akuluakulu akamakankhana amene amagwa ndi ife a viza za chaka ndi chaka. Choncho inu achinyamata athu amene mwayamba kulowa m'magulu otere, lowani ndithu, mudzaphunzira zambiri, koma imelo ya kuntchito isiyeni kuntchito, ndipo chimene chimasaina m'dzina lanu musamusiyire munthu, kaya ndi amene anakuphunzitsani, kaya mukuthamangira maliro.

Miyezi ingapo yapitayo bambowo ananditumizira uthenga pafoni kuchokera kumene ali. Sanadandaule, sanapepese, anangofunsa ngati masiku a mankhwala tsopano akutuluka bwino pamakatoni. Akutuluka bwino, ndimawaona tsiku lililonse ndi maso angawa. Koma mpaka lero sindinawayankhe, chifukwa ndili ndi ana.