Akalipentala ndi Theka Lotsala

Zoti akalipentala oyandikana nafe nyumba anabayitsa mankhwala kuti athamange mipikisano iwiri masiku otsatizana, limenelo ndi bodza. Munthuyu akangoona jakisoni amatuluka thukuta.

Ndi bambo woonda, pensulo kukhutu nthawi zonse, ndipo mpando wosapaka vanishi satulutsa m'shedi ngakhale mwiniwake alire. Loweruka anathamanga makilomita 21, nabwera ndi mendulo pakhosi, akuyenda ngati miyendo ndi yobwereka. Akazi awo anaitembenuza menduloyo n'kuwerenga.

"Bambo a ana, apa alembapo kuti theka. Si inu mumanyoza anzanu osiyira ntchito panjira? Nanga theka linalo mwasiyira ndani?"

Lamlungu m'mamawa akalipentala anakaima pa tebulo la olemba mayina a othamanga.

"Ndabwera kudzamaliza theka langa lija."

"Achikulire, lero kulibe theka. Ndi wathunthu, makilomita 42, kuyambira poyambirira."

"Zadzulo zija simuchotserako?"

"Sitichotsera."

Anawerama n'kumanga zingwe za nsapato. Anakafika kumapeto anthu akuphwasula kale matenti, ndipo mpaka lero masitepe a pakhonde pawo akutsika chokhala.

Chilungamo chake n'chakuti bamboyu anangoopa kubwerera kwa akazi awo ndi ntchito yosatha.