Mpando wa Padi Yochedwa

Mlongo wanga wamng'ono atabwerako ku Joni, patangopita zaka zochepa chiyambireni matipate, sanabwere ndi njinga kapena malata ngati anzake. Anabwera ndi chipsera cha mpeni pansi pa nthiti, ndi kabokosi kotuwa kamene anati ndi makina a gemu. Mayi ataona chipseracho anakhala pansi pakhonde n'kunena kuti mwana ameneyu akadzabwereranso kumeneko, tidzangomva uthenga. Iye anawalonjeza kuti makinawo akamamudyetsa, ku Joni sadzapondakonso. Basitu, mtima wa mayi unatsamira pa kabokosi kaja.

Anachita lendi kachipinda kuseri kwa msika pa Dedza Boma. Ine ndinali nditasiyana kale ndi bambo wa mwana wanga, ndiye ndinasamutsa chiwaya changa cha tchipisi n'kudzachiika pakhomo pa kachipindako. Zonse zimene ndikunena pano ndinaziona ndi maso angawa, utsi uli tolo kumaso.

Gemu yake inali ya ndewu. Pa kanema pankaoneka amuna awiri, wina wovala zoyera wina zofiira, akuthirana mateche ndi zibakera. Wosewera aliyense ankagwira kachipangizo ka mabatani kamene tinkati padi. Padi yoyamba inkamvera bwinobwino. Yachiwiriyo ndiye inali ndi matenda. Ukadina batani, munthu wako pa kanemapo ankayamba waganiza kaye ndiye n'kuponya mwendo. Kuchedwa kwake kunali kochepa, ngati kuphethira kwa diso, koma pa ndewu kuphethira komweko n'kokwanira kuti mnzako akugwetse.

Tsono imvani uchitsiru wa m'banja mwathu. M'chipindamo munali mpando umodzi wokha woyedzamira, wa malemu bambo athu amene anali mphunzitsi ku mishoni ku Bembeke. Enawo anali makireti. Mlongo wanga anaika mpandowo mkati, kukhoma, kumene mphepo ya Dedza sinkafika, ndipo chingwe chimene chinkafika kumeneko chinali cha padi yachiwiri. Padi yabwino ija chingwe chake chinali chachifupi, chinkangothera pa kireti ya pakhomo. Ife tinaleredwa kuti mlendo kapena wamkulu sumukhazika pakhomo podutsa anthu. Ndiye akalowa kalaliki wa ku khonsolo, kapena mphunzitsi, kapena mlendo wochokera ku Linthipe, mlongo wanga ankapukuta mpando ndi dzanja, kuwerama, n'kunena kuti akhale apa bwana. Bwanayo ankakhala mwaulemu wake wonse n'kuchinyidwa ndi munthu wonyamula matumba a kachewere mumsika.

Ndinamuuza kangati? Ndinati chimwene, sintha mpandowu, kapena uziwauza anthu kuti padi iyi ndi yodwala. Iye ankangoseka n'kumati achemwali, dziwani za mafuta anuwo, vutoli ndi laling'ono, ndikonza sabata yomwe ino. Kusuntha mpando kwa iye kunali kuvomera kuti katundu amene anakhetsera magazi ku Joni ndi wachabe. Mwana uja anali nkhutukumve kuyambira ali wakhanda.

Kukonzako kunayamba ndi batire. Anati batire la galimoto limene ankagwiritsa ntchito latopa, n'chifukwa chake mphamvu sikufika ku padi yachiwiri. Anagula lina. Analemba ndi choko pachitseko kuti zonse zakonzedwa. Padi inachedwabe. Kenako anakokera magetsi kuchokera kwa telala woyandikana naye. Inachedwabe. Anagulitsa jekete lake lachikopa, kukwera minibasi kupita ku Lilongwe, n'kubwera ndi kanema wamitundu m'malo mwa wakuda ndi woyera amene anayamba naye. Anthu anadzaza mpaka pawindo kudzaona magazi ofiira pa kanema, koma munthu wa padi yachiwiri anapitiriza kuganiza kaye asanamenye. Anagula padi ina kwa anyamata obweretsa katundu kuchokera ku Mozambique, ndipo nayonso itangolumikizidwa pamalo achiwiri paja inatengera matenda omwewo. Ndinapsa mtima tsiku limene ndinamupeza akudula chingwe kuti achifupikitseko, ati mwina uthenga ukuchedwa panjira. Ndinamufunsa ngati chingwecho chakhala msewu wa ku Bembeke nthawi ya dzinja.

Akakonza chilichonse, m'mawa ankakhala yekha pampando paja n'kumayesa, kuyesa, kuyesa. Ine pounjika nkhuni ndinkangomva kulira kwa mabatani.

Ndewu zinayamba pang'onopang'ono. Wina anaponya padi pansi. Wina anamenya mnzake khofi kuti akubera. Ena anayamba kunong'ona kuti pansi pa kireti ya pakhomo mlongo wanga anakwirirapo mankhwala. Ndiye kunabwera mkulu wa pa siteji. Ameneyu anali mtsogoleri wa anyamata oitanira maminibasi, chimunthu chakhosi ngati ng'ombe, chimene nthawi ya kampeni chinkakwera kumbuyo kwa mapikapu andale chitanyamula chibonga. Munthu aliyense pa Boma ankamupatsa njira. Mlongo wanga anamupukutira mpando monga mwa nthawi zonse.

Linali Loweruka masana, mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba phiri. Pa kireti panakhala bambo wina wowonda, wogulitsa kabichi. Wakabichiyo anamuchinya mkulu wa pa siteji uja. Anabwereza, anamuchinyanso. Anyamata ake amene analowa naye anayamba kuyang'ana pansi kubisa mano. Mmodzi analephera kudzigwira, anaseka. Mkulu uja sanadzuke n'komwe. Anangotembenuka n'kumutibula wosekayo ndi chigongono pakamwa, magazi n'kudonthera pa simenti. Wakabichi uja anasiya padi, n'kudutsa pa chiwaya changa ali chithawire, dengu lake kulisiya.

Mkulu uja anamuitana mlongo wanga ndi chala. Anati wamva kuti mbali imeneyi ndi yolodzedwa, ndipo lero aona ngati zili zoona. Anadzuka, kukakhala pa kireti ya pakhomo, n'kutenga padi yabwino ija. Analamula kuti mwini makinawo akhale pampando.

Ndinati zatha bwino. Mwanayu angoluza, chimunthuchi chisangalale, chizipita. Ndinaima pakhomo n'kumuyang'anitsitsa, kumupukusira mutu kuti aone. Anandiona ndithu. Ndinalankhula motsitsa mawu.

"Chimwene, mlendo ndi mame. Aleke apambane."

"Achemwali, padi iyi ilibe vuto," anatero, maso ali pa kanema.

Chimene tonse sitinkadziwa n'choti m'mawa monse muja akuyesa, zala zake zinali zitazolowera kuchedwako. Ankadina nthawi isanakwane, chibakera n'kufika pa nthawi yake. Munthu wake wofiira anauluka, anatchinga, anathira mateche motsatizana mpaka wa zoyera uja anagwa chagada osakhudza mnzake ngakhale kamodzi. Ndipo chitsiru cha mlongo wanga chinamwetulira. Sichinamwetulire monyoza ayi. Chinasangalala kuti chaonetsa anthu onse kuti makina ake ndi abwino.

Mkulu uja anaika padi pansi bwinobwino. Ananyamula kireti imene anakhalira n'kuiphwanyira pa kanema. Galasi linaphulika, zidutswa n'kumwazika mpaka panja. Anthu anapanikizana pakhomo pothawa, kundigwetsera pa nkhuni zanga. Podzuka ndinapeza anyamata ake awiri atamugwira mlongo wanga, wina pakhosi, wina atamutambasulira dzanja lamanja pa tebulo. Batire latsopano lija linali likadali pakona. Mkulu uja analinyamula ndi manja awiri, kulikweza mpaka pachifuwa, n'kuligwetsera pa zala. Phokoso lake linali ngati kuthyola nkhuni zouma. Analikwezanso.

Sindikumbuka kuti chikuni chamoto ndinachisolola nthawi yanji pansi pa chiwaya. Ndimangokumbuka chikutera pakhutu pa chimunthu chija, makala n'kulowa m'kolala ya malaya ake, fungo la tsitsi lopsa lili gu. Anabangula. Anandibwezera chibakera chimene chinandichotsa dzino ili, n'kundiponda m'mimba ndili pansi. Mpaka lero sindinanong'onezepo bondo. Chimandiwawa n'choti chikunicho chinali chaching'ono.

Amayi a mumsika ndi amene anatipulumutsa. Anabwera gulu akukuwa, ena atanyamula miyala ya sikelo, ndipo anyamata aja anamukoka mkulu wawo n'kutuluka naye. Asanatuluke, mmodzi anaponda kabokosi kotuwa kaja ndi nsapato mpaka kanaphwasuka.

Ku chipatala anamumanga dzanja, koma zala zitatu zinapola zitapindika, osawongokanso. Khasu linkamupulumuka. Nkhani ya kupolisi inangozilala, poti aliyense amene anali m'chipindamo anati anali atatuluka kukataya madzi. Telala uja anatiuza mwaulemu kuti tisabwererenso kuseri kwa msika, anthu a pa siteji akutisaka. Mlongo wanga anakhala pakhomo mpaka chimanga chinakololedwa chaka chotsatira, akudya za mayi. Nthawi zina ndinkamupeza atayala zidutswa za makina aja pamphasa, akuzitembenuza ndi dzanja lamanzere.

Tsiku limene ananena kuti akubwerera ku Joni, mayi sanalire. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinamuperekeza ndekha mpaka pamsewu waukulu, kumtunda kutali ndi siteji kuti asatione. Chikwama ndinanyamula ine chifukwa dzanja lija silinkagwira. Njira yonse ndinkamukalipira, poti ndikanasiya kukalipa ndikanalira. Basi itaima anatembenuka, ndipo ndinaganiza kuti mwina apepesa, kapena apereka mawu oti ndikawauze mayi.

"Achemwali, ndikuganiza kuti vuto linali mkati, polumikizira paja. Ndikapeza ena abwino ndibwera nawo."

Ndinamukwezera chikwama, kondakitala n'kumenya chitseko. Mayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo tinawaika m'manda ku Bembeke iye asanabwere. Mpaka pano sitinamve kalikonse, ngakhale uthenga umene mayi ankauopa uja.