Zikhomo zofiira m'dimba la amayi

Chimene sindiiwala ndi fungo la penti. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuphulitsa malata ku Machinjiri, ine ndili Sitandade 7. Amuna atatu a zipewa zolimba anatsika m'galimoto n'kuyamba kukhoma zikhomo m'dimba la amayi, m'mphepete mwa kamtsinje. Chilichonse anachipaka mutu wofiira n'kuchilemba nambala. Anati pamenepo padzadutsa chipaipi choti munthu n'kukwawamo, chotenga madzi kumapiri kupita nawo kuchigwa kouma kuti anthu azikalima mothirira. "Mayi, pakati pa zikhomozi musadzalenso kanthu. Makina afika mvula isanagwe." Amayi anawomba m'manja n'kuthokoza. Mpaka lero sindidziwa chimene ankathokoza.

Dimba limenelo ndilo linkatidyetsa. M'mawa uliwonse tinkathirira mpiru ndi tomato ndi chitini choboola, matope ozizira akutuluka pakati pa zala zakumapazi, kenako amayi ankasenza dengu ulendo wa kumsika. Yunifolomu yanga, makope anga, zonse zinkamera m'mizere imeneyo. Chaka chimenecho tinazula mbewu zisanakhwime n'kukhala pakhonde, maso kumsewu. Aneba athu anadikira milungu iwiri basi, kenako anazula zikhomo zawo, kusonkhezera moto, n'kudzala chimanga. Amayi ayi. Ankati chinthu cholembedwa nambala chili ndi mwini wake, ukachigwira umakayankha kutsogolo. Mbuzi ikagwetsa chikhomo ankandituma kukachiimika. Chiswe chitadya china, anasema chawo, n'kuchipaka polishi wofiira wa pakhonde, nambala n'kukopera ndi khala. Tinasanduka alonda osalembedwa ntchito, kulondera udzu.

Mvula inagwa, makina osaoneka. Inagwanso kachiwiri, kachitatu. Ndili Fomu 2 ndinasiya sukulu, chifukwa nsenjere sagulitsa pamsika. Panopa ndimakankha wilibala ya zigubu, kugulitsa madzi kwa anthu amene mipopi yawo imangotulutsa mphepo. Kaya kuchigwako akuthirira, kaya pulaniyo inafera m'kabati ya munthu, palibe anabwerapo kudzatiuza.

Anthu amati ubwana umaphunzitsa. Ine unandiphunzitsa kuti munthu angathe kukutsekera popanda mpanda, ndi timitengo tofika m'bondo basi. Sabata yatha ndinatopa nazo, ndinatenga khasu n'kutsikira kudimba. Amayi ananditsatira pang'onopang'ono, n'kuima pambali pa chikhomo chawo chosema chija.

"Nanga akabwera mawa?"

Ndinayang'ana kumsewu, inenso. Khasu lija ndinabwerera nalo louma.