Dalaivala wobisa zotayika ndi dimba la bambo

Chaka chimene bambo anadwala, ofesi yanga inali khonde la kwathu ku Mphunzi. Ndinachoka ku Lilongwe ndi laputopu, kabatire ka sola ndi majuzi, ndikuganiza kuti sindikakhalitsa. Ndinatha nyengo yonse yozizira. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kuphimba mpaka khola la mbuzi, zala n'kumakana kugunda mabatani. Ndinkadikira kuti dzuwa lifike pakhonde, ndiye n'kuyamba ntchito.

Za ntchito yanga amayi anasiya kalekale kufunsa. M'kompyuta muli kachipangizo kamene kamajambula zonse zimene munthu amaona pagalasi. Pakati pa kachipangizoko ndi mapulogalamu ena pamakhala pulogalamu yotumikira imene timaitcha dalaivala. Ine ndi anzanga, omwe ambiri sindinaonanepo nawo maso ndi maso, timakonza dalaivalayo. Bambo ankakonda kuuza anzawo a kulimana, kagulu kawo ka kutchalitchi, kuti mwana wawo wamkazi amakonza madalaivala koma njinga imamugwetsa. Sankanama.

Vuto limene ndinapatsidwa miyezi imeneyo linali lotere. Kachipangizo kaja kakamagwira ntchito kamadziwerengera kokha kuti katanganidwa motani, kadikira motani, kapanikizika pati. Dalaivala amatola ziwerengerozo n'kuziika m'kankhokwe kakang'ono, ndipo pulogalamu yofuna kudziwa imabwera kudzatapa. Pulogalamuyo ikachedwa kankhokwe kamadzaza, zatsopano n'kufufuta zakale. Kutayikako si mlandu, kumachitika. Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti dalaivala wathu sankanena. Ankapereka zotsalazo zitandondozana bwinobwino ngati palibe chasowa. Choipa kwambiri, zinkatayika pa nthawi imene kachipangizo kalemedwa, nthawi yeniyeni imene mwini makina akufuna kuidziwa. Munthu ankayang'ana mzere wosalala pagalasi n'kumati zonse zili bwino, makina ake akubanika.

Vuto la bambo linali la mtima. Kuchipatala ku Dedza anatiuza mosapita m'mbali kuti mankhwala angowathandiza kupumako, koma kuchira ayi. Miyendo inatupa, mawu anachepa. Komabe tsiku lililonse linali ndi kanthawi kake kabwino, chakum'mawa dzuwa likatentha. Tinkawatulutsa pakhonde, n'kuwafunditsa bulangete, iwo n'kumandinena kuti ndimakwinya nkhope pakompyuta ngati ndaluma pichesi losapsa.

Kanthawi kameneko ndi kamene amayi ankakasankha Lamulungu lililonse kuti tiimbire mchimwene wanga wamkulu ku Joni. Amagwira ntchito pamalo ophikira buledi, ali ndi mkazi ndi ana kumeneko. Foni ikalowa, achimwene ankati, "Bambo, mwadzuka bwanji?" Bambo ankakoka mpweya wonse umene anali nawo n'kuyankha kuti adzuka, kaya iwo. Amayi ankalanda foni msanga n'kuyamba za mitengo ya tomato ku Linthipe. Achimwene ankamva bambo wa mphindi zabwino zokhazokha. Zamasana, pamene ankabanika mpaka milomo kuda, sizinkawafika.

Ndinalankhula nawo amayi kuseri kwa khitchini.

"Amayi, achimwene ayenera kudziwa."

"Usayerekeze. Kumene kuja ukachoka pantchito, pobwera upeza wina waimapo. Ana ake adya chiyani?"

"Mwana wanu si khanda. Asankhe okha."

"Ndati usamuuze. Ndinamubala ndine, ndikumudziwa. Akangomva akwera basi tsiku lomwelo."

Amayi sankachita izi chifukwa chouma mtima. Kwathu kuno matenda a munthu wamkulu sitiwanenera patali. Timati akumva m'thupi, timati apezako bwino, mpaka tsiku limene timatuma uthenga woti bwerani, matenda akula, pamene aliyense akudziwa kuti munthu watisiya kale. Ndinakulira momwemo. Ndinawalonjeza kuti sindinena, koma mtima unkandiwawa, chifukwa ndinkaona kuti achimwene adzabwera kudzaona bokosi.

Mkwiyo wonsewo ndinakautsanulira pa dalaivala. Ndinamusintha kuti chikangotayika chilichonse azikana kupereka ziwerengero, n'kukuwa kuti pali vuto. Netiweki ya intaneti kwathu imapezeka pathanthwe lina kuseri kwa nyumba, ndiye ndinakwera ndi laputopu kukhwapa n'kutumiza ntchitoyo, mtima uli myaa.

Yankho linachokera kwa mkulu wina wa ku Ulaya amene amaunika ntchito zathu zisanalowe. Ndi munthu wosataya mawu. Anati vutolo ndaliona bwino, koma mankhwala anga apha wodwala. Kunja kuno kuli mapulogalamu akale ambirimbiri amene anazolowera kulandira ziwerengero mwakachetechete, ena eni ake anawasiya kalekale. Dalaivala akayamba kuwakanira, angogwa. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti chimene chinkayenda dzulo pakompyuta ya munthu chisaime lero chifukwa cha ife.

Ndinamutukwana mumtima, sindibisa. Ndinatseka laputopu n'kupita kukatunga madzi, ngakhale ndowa zinali zodzaza. Koma pobwerera, madzi akundidonthera m'khosi, ndinavomera kuti mkuluyo sanalakwe. Njira yakale inayenera kukhala mmene inalili. Chofunika chinali kutsegula khomo lina pambali pake. Pulogalamu yosafunsa izilandira monga kale. Koma imene yaika kachizindikiro kofunsa kuti, kodi pali chatayika, iziuzidwa zoona zonse: pasowa zingati, ndipo mpata wake uli pati.

Zinanditengera masiku kuti ndizilembe bwino. Poyesa ndinapanga kapulogalamu kaulesi dala, kochedwa kutapa, kuti kankhokwe kasefukire. Tsiku limene zinatheka, mzere wosalala uja unaoneka ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Unali wonyansa, koma ndinauyang'ana nthawi yaitali ndikukondwa.

Madzulo ake ndinawapeza amayi akudula mpiru.

"Amayi, lonjezo langa lilipobe. Sindiwauza achimwene. Koma akandifunsa okha mwachindunji, sindinama."

"Amafunsa sabata iliyonse."

"Amapereka moni, amayi. Kufunsa sanafunsepo."

Anapitiriza kudula, mpeni ukugunda pambale. Kenako anati, osandiyang'ana, "Akafunsa ndi iyeyo."

Achimwene sanafunse Lamulungu lotsatira, ngakhale linzake. Ndinkakhala pambali pa foni ndikukukuta mano. Bambo nawonso ankaonda moonekeratu, ndipo abambo mfumu, ansembe athu, anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala.

Kenako tsiku lina m'kati mwa sabata achimwene ananditumizira uthenga. Anati kumeneko asowa zobiriwira, ndiwajambulire dimba la bambo aone kabichi wa chaka chino. Dimba limenelo lili kumunsi, m'mbali mwa kamtsinje, ndipo mudzi wonse unkalidziwa. Bambo sankalola udzu ngakhale umodzi kugona m'bedi. Tili ana, tinkaopa kuponda m'ngalande zawo kuposa kuponda moto.

Ndinatsika ndi foni. Pakona imodzi panali pabwino, pamene azakhali ankathirirako masamba awo. Ndikanatha kujambula pamenepo. Ndinaima pakhomo la mpanda n'kujambula lonse mmene linalili: chisoso chofika m'chiuno, ngalande zokwiririka, kabichi wachita maluwa, keni yothirira itagwa chammbali dzimbiri litaigwira. Sindinalembe liwu lililonse. Ndinakwera pathanthwe n'kutumiza.

Foni inalira ndisanatsike.

"Iwe, bambo anafika liti kudimba komaliza?"

"Tisanakolole chimanga, achimwene."

Ndinkangomva makina akulira kumbuyo kwawo.

"Ndiuze zonse. Usasiye kanthu."

Ndinawauza za madokotala, za miyendo, za masana, za mafuta a odwala. Ndinalankhula modekha mpaka ndinadzidabwa. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati bambo akuzindikirabe anthu, ine n'kuti eya.

Nditatsika, amayi anandiyang'ana kumaso n'kudziwa. Anati, "Wafunsa?" Ndinati afunsa. Analowa m'nyumba n'kuyamba kusesa chipinda chimene achimwene ankagona ali mnyamata.

Patangopita masiku ochepa achimwene anatsika basi pa Linthipe, n'kufika panjinga yamoto fumbi lili mbuu m'mutu. Bambo anali pakhonde m'bulangete lawo. Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Wabwera kudzatani? Ntchito wasiyira yani?"

Achimwene anagwada pambali pawo. Bambo anawagwira dzanja, ndipo sanalisiye mpaka dzuwa linachoka pakhonde.

M'mawa mwake achimwene anatenga khasu n'kutsikira kudimba. Ankalima mpaka thukuta, n'kubwera kudzafotokoza bedi lililonse, bambo n'kumawadzudzula kuti ngalande aikhotetsa, ngakhale sankaiona. Ine ndinkakhala pambali pawo ndi laputopu. M'masiku omwewo mkulu wa ku Ulaya uja anandilembera kuti ntchito yanga yalowa. Ndinawauza bambo, iwo n'kuti, "Ndiye dalaivala wako wasiya bodza?" Ndinati wasiya, kwa amene wamufunsa. Anaseka mpaka kutsokomola.

Bambo anatisiya mvula isanayambe, masana, achimwene atawatsamiritsa pachifuwa kuti apumeko bwino. Anakhala limodzi masabata ochepa chabe. Ntchito ya ku Joni inapitadi, monga amayi ananenera. Achimwene anabwerera kukayamba kufunafuna ina, ndipo anavutika miyezi ingapo asanaipeze. Zimenezo zimandiwawabe, ndipo sindinganene kuti ine ndinalibe mbali yanga pamenepo.

Anthu a pamaliro atabalalika, ine ndi amayi tinatsala awiri pakhonde, tikusankha nyemba m'lichero. Ndinkadikira kuti andinene za ntchito ya achimwene, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale, lakuthwa ndithu. Amayi anatola kamwala, n'kukaponya pabwalo, n'kuyang'ana mpando umene bambo ankakhalapo.

"Ukanamuuza kale," anatero. "Akanakhala nawo nthawi yaitaliko."

Maso awo anali atadzaza misozi. Ndinawasendezera lichero pafupi n'kunena kuti, "Eya, amayi."