Alamu anga sanafike pamaliro

Lachiwiri lapitali tinali ndi maliro kwathu kuno, kufupi ndi Nzama. Ndinadzera kwa alamu anga a Lukasi, amuna a mlongo wanga, kuti ulendo uno tipitire limodzi. Chibwerereni ku migodi ya ku Joni chaka chatha sanapondepo pamaliro, kumsika kapena m'tchalitchi, ndipo anthu ayamba kuwanena.

Anavomera. Tinayenda bwinobwino mpaka pamene nyimbo zinayamba kumveka, khamu n'kuonekera. Pomwepo anaima. Thukuta linali kamukamu, manja akunjenjemera, mpweya ukubanika.

"Alamu, ndikufa ine. Mtima ukutuluka. Ndibwezeni kunyumba."

Ndinawakhazika pansi pa msuku. Ndinaopa kwabasi, ndimati lero tiika anthu awiri. Patapita kanthawi zinatha zokha, munthu wamkulu uja n'kuyamba kulira ndi manyazi. Tinabwerera.

Madzulo ake mmodzi wa adzukulu amene anakumba manda anandiimitsa panjira.

"Mukawauze alamu anuwo kuti jekete la ku Joni silikumba manda. Maliro akadzagwa pakhomo pawo, adzakumba okha."

Mawu amenewa akundisowetsa tulo. Amayi awo a Lukasi ali chigonere, ndipo ngakhale phala akulikana.

Abale anga, n'chifukwa chiyani ife timangokhulupirira matenda ooneka ndi maso? Munthu akabwera ku Joni wopanda chala, timamumvera chisoni. Akamatsokomola magazi timati mgodi wamudya, n'kumupititsira nkhuku. Koma uyu wa mantha timati wanyada. Ena akunong'ona kuti anakhwimira chuma, ndiye chizimba chake chikumuletsa kuona mtembo. Chuma chake chiti? Njinga yopanda matayala ija?

Mlongo wanga anawaperekezapo a Lukasi kuchipatala cha mishoni m'mamawa, anthu asanachuluke. Asisitere anawamvetsera pachifuwa n'kunena kuti mtima uli bwino. Anati mantha oterewa amangomugwera munthu popanda chomuopsa, ndipo sapha. Vuto ndi lakuti akakugwera pamsika, umayamba kuopa msika. Akakugwera m'tchalitchi, umaopa tchalitchi. Malo oyenda amanka nachepa mpaka umangothera pakhonde. Anati chothandiza ndi kuyenda pang'onopang'ono ndi munthu amene umamukhulupirira, lero mpaka pachitsime, mawa kupitirirako, popanda womukankha kapena womuseka.

Koma mudzi ulibe nthawi ya pang'onopang'ono. Mudzi umaona amene wabwera ndi amene sanabwere, basi. Mwambowo sindikuunyoza, pakuti maliro n'kulirana. Komatu ndi angati m'midzi yathuyi, kuchokera ku Champiti mpaka ku Sharpevale, amene tawatcha odzikuza chonsecho akunjenjemera kuseri kwa chitseko? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dzulo ndinawapeza a Lukasi kuseri kwa nkhokwe akuika mpini watsopano pakhasu.

"Alamu, khasu la chiyani mu Ogasiti muno? Kugalauza kudakali kutali."

Sanandiyang'ane.

"Amayi sadzuka aja. Tsikulo ndidzalawirira kumanda anthu asanadzuke. Ndikakhala ndekha, zija sizindigwira."

Ndinawasiya akukhomerera mpini uja.

Inu adzukulu a kwathu, mudzakhaladi m'nyumba zanu n'kumamvera khasu limodzi likulira kumanda, munthu akukumbira mayi ake yekha?