Madzi Amene Ndinathowera Amayi

Kwathu ku Chiparamba mankhwala oyamba a chilichonse ndi kuthowa. Mwendo ukatupa, khosi likauma, msana ukakana kuwongoka pochoka kumunda, amatereka madzi, kuviikamo kansalu n'kumakuthowa mpaka pamalopo patafewa. Amayi anga anali katswiri pa ntchito imeneyi, moti azimayi a m'mudzi ankabwera kwathu atabereka ana awo obinya miyendo. Ine ndinakula ndikuonerera, ndipo poti ndine mwana wachisamba, wamtima wapachala komanso wokonda kulamula, ndinkadziyesa kuti nanenso ndimadziwa.

Chaka chimene amayi anadwala n'kuti ndikukhala m'tauni ku Kapata, ndikugulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika. Inali nyengo yokumba nsawa. Lachiwiri m'mawa mng'ono wanga, yemwe ankakhala nawo kumudzi, anandiimbira foni.

"Asisi, amama adzuka dzanja lamanja silikugwira. Kapu yawapulumuka kawiri. Akulankhulanso ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa."

"Dzulo anali kuti?"

"Kumunda, tsiku lonse."

"Ndiye ukudabwa chiyani? Munthu wachikulire kukumba nsawa dzuwa lonse lija. Aligonera dzanjalo. Uwathowe, ndibwera."

Tsiku limenelo ndinkatsegula belo la zovala, ndipo wasalaula aliyense amadziwa kuti tsiku la belo latsopano sachoka pabenchi yake yogulitsira, chifukwa makasitomala osankha zoyamba amabwera lomwelo. Kumudzi ndinapita Lachinayi. Izi ndikuzinena poyera tsopano, chifukwa kwa zaka zingapo ndinkauza anthu kuti ndinapita Lachitatu.

Ndinawapeza pamphasa pakhonde, atatsamira khoma. Kukamwa kunali kutapotokera mbali imodzi, mwendo wamanja ukukhwekhwereka, dzanja lili lobodo pamiyendo. Atandiona anatsegula pakamwa kuti andilonjere, koma chimene chinatuluka sichinali mawu. Ndinachita mantha ndithu. Komabe ine ndikachita mantha ndimayamba ukali, choncho ndinatembenukira mng'ono wanga n'kupisa chala m'beseni limene ankathowera.

"Madzi awa ndi osambitsira khanda. Masiku atatu ukuseweretsa amama ndi madzi ofunda? Dzanja lagona ili, lifunika kudzutsidwa."

Ndinasonkhezera moto ndekha mpaka madzi anawira. Kansalu sindinathe kukagwira, ndinachita kukavuula ndi mthiko n'kukafinya ndi nsonga za zala. Nditakaika pamkono wa amayi, sanasunthe n'komwe.

"Waona? Sakumva n'kumva komwe," ndinamuuza mng'ono wanga, monyadira. "Wonjezera nkhuni."

Amayi anayang'ana nthunzi imene inkafuka pakansalu, kenaka anayang'ana ine. Anatambasula dzanja lamanzere, lija linali lamoyo, n'kuyamba kukankha beseni. Ine ndinaligwira dzanjalo n'kulibweza pamiyendo pawo.

"Pirirani amama. Mankhwala owawa ndiwo amachiza. Si inu nomwe munkatiuza?"

Ndinawathowa kuyambira pachigongono mpaka padzanja, kubwereza kangapo. Misozi inkatsika m'masaya mwawo, ine n'kumati dzanja layamba kumva. M'mawa mwake mkono wonse unali matuza okhaokha, pena khungu litasupuka kale. Mng'ono wanga anangopita kukapempha ngolo kwa a neba kuti itifikitse kumsewu.

Kuchipatala cha m'tauni tinakumana ndi dokotala wamkazi wofatsa, wocheperapo msinkhu kwa ine. Ataona mkonowo anafunsa amene anawathowa, ndipo ndinavomera ndi mutu. Sanandikalipire, ngakhale ine ndikanakonda atandikalipira. Anawapima amayi, anawagunda pabondo ndi kanyundo, anawakanda pansi pa phazi, kenaka anatenga pepala n'kujambula mutu wa munthu.

"Amayi, dzanjali silikudwala," anatero kwa ine. "Matenda ali muno, mu ubongo. Ndi sitiroko. Bipi yawo ndi yokwera kwambiri, ndipo magazi analeka kufika pamalo ena a ubongo, kumanzere kuno."

"Koma adokotala, lafa ndi lamanja."

Anajambula mizere iwiri yochoka m'mutu, yopingasana chakumunsi kwa ubongo, n'kutsika ndi msana. Anandifotokozera kuti ubongo uli ndi mbali ziwiri, ndipo mitsempha yake imadumphana: mbali yamanzere imalamula dzanja ndi mwendo wamanja, yamanja imalamula zamanzere. Munthu akafuna kunyamula kapu, uthenga umachoka mu ubongo, kutsika m'chingwe cha mitsempha chodutsa m'kati mwa mafupa a msana, mpaka kukafika ku minofu ya dzanja. Palinso mitsempha ina yobwerera kumtunda, yonyamula uthenga wa khungu: kutentha, kuzizira, kulasa kwa munga. Khungu la amayi linatumiza uthenga wonse wa madzi aja, koma kumtunda kunalibe woulandira bwino.

"Nanga pakamwa?"

"Kwa anthu ambiri malo opangira mawu alinso kumanzere komweko. Kumva akumva, kuganiza akuganiza. Mawu okha ndi amene akukanika kutuluka."

Apo m'pamene ndinazindikira. Amayi sanamve kutentha, koma anaona nthunzi ija ndi maso a munthu amene wathowa anthu moyo wake wonse. Anadziwa kuti ndikuwawotcha. Anandiuza ndi dzanja lokhalo limene linawatsalira, ine n'kuligwira.

Ndinafunsa ngati zinthu zikanasintha tikanabwera Lachiwiri. Dokotalayo anati sangalonjeze, koma pa matenda amenewa maola oyambirira ndi ofunika kwambiri. Chithunzi cha ubongo ndinachijambulapo ine kusukulu, ndi mayina ake onse, n'kukhoza mayeso. Sindinaganizepo kuti chinthu chimenecho chilinso m'mutu mwa amayi anga. Ndikadadziwa ndikadaphika therere, amatero akuluakulu, koma pa benchi ya chipatala ija mwambiwo sunandiseketse.

Atatuluka m'chipatala ndinawatengera kwanga ku Kapata, kufupi ndi kumene ankachitira mafizo olimbitsa ziwalo. Mwendo unayamba kumvera pang'ono, moti ankayenda ndi ndodo kuchokera pakama kufika pakhonde. Dzanja silinabwererenso. Zilonda zinapola, koma zinasiya chipsera chotuwa kuyambira pachigongono, ndipo ndinkachiona m'mawa uliwonse powasambitsa. Ndinayamba kuwasankhira mabulauzi a manja aatali m'belo lililonse. Anzanga apamsika ankandiyamikira kuti ndimawatchenetsa amayi, ine n'kumangoseka nawo.

Chimene chinkandidya chinali chimodzi: kodi amayi anandikhululukira? Kwathu mwana akalakwa amagwada, kholo n'kunena kuti zatha, ndipo zimathadi. Ine ndinagwada tsiku lina masana nditawadyetsa.

"Amama, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo inagwedezeka, khosi linalimba, thukuta linatuluka pamphumi. Analimbana nawo mawuwo mpaka anatopa, kenaka anatembenukira kukhoma. Sindinadziwe ngati anatembenuka chifukwa cha kutopa kapena chifukwa cha ine, ndipo sindinayerekezenso kufunsa. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ukali wonsewo ndinkakautsitsira kwa makasitomala onenerera mitengo.

Mvula itayamba, tsiku lina ndinaterereka podumpha ngalande pafupi ndi nyumba n'kubinya phazi. Ndinalowa ndikutsimphina, kakolo atatupa, ndikutukwana matope ndi amene anakumba ngalandeyo. Amayi anali pampando wawo pakhonde. Anagogoda pansi ndi ndodo, n'kuloza mbaula, kenaka beseni. Ndinati ndipuma kaye, koma anagogodanso mwamphamvu, monga ankachitira ndi mthiko pamphika tili ana.

Ndinatereka madzi, ndinathira m'beseni n'kuliika pa kampando pafupi nawo. Analoza kuti ndikhale pansi ndiike phazi pamiyendo pawo. Anaviika kansalu ndi dzanja lamanzere, anakafinya movutikira m'mbali mwa beseni, madzi akutsikira pachitenje chawo. Ndinalimbitsa mwendo kudikira kutentha.

Sanakaike pa ine. Anakakweza kaye n'kukakhudzitsa patsaya lawo lamanzere, lija linkamva. Anapukusa mutu, anakakupiza m'mwamba, anakakhudzitsanso. Atakhutira m'pamene anakatsitsira pakakolo panga. Pamenepo ndinakumbukira kuti ankachita zimenezi nthawi zonse, kwa mwana aliyense wa ku Chiparamba amene ankabwera naye. Ndinaziona kambirimbiri ndili mwana, koma ine ndinkangoyang'ana madzi ndi kansalu.

Ndinalira ngati mwana, phazi lili pamiyendo pawo. Iwo sanasiye. Ankaviika, kufinya, kuyesa patsaya, kuthowa, mpaka madzi anazizira. Dzanja lamanja linali pambali pa phazi langa, mkono wa bulauzi utapindikira m'mwamba, chipsera chili poyera.

Amayi anamwalira nsawa za chaka chimenecho zisanakhwime, osanena mawu amene ndinkadikira aja. Mng'ono wanga amati kuthowa kuja kunali kukhululuka. Masiku ena ndimavomereza, masiku ena ndimaona kuti ankandisonyeza pamene ndinalakwitsa, ndipo mwina zonse ziwiri n'zoona, poti amayi sankakhululuka osaphunzitsa. Kakolo anaphwa patatha masiku atatu. Mpaka lero sindinathowenso munthu.